Mbozi Zanga Ndinazibisira Boma

Abale anga, chaka chino ine ndinatsala pang'ono kumagula ufa wa m'sitolo ngati munthu wa m'tauni ku Chegutu, munda ndili nawo, manja ndili nawo, mvula inagwa yabwino. Sekani, sekani ndithu, nanenso pano ndikuseka!

Ine ndinabadwira pa famu, kuno timati purazi, kufupi ndi Selous, bambo anga atabwera wapansi kuchokera ku Dedza. Pa komboni tinakula ndi lamulo: munthu wa boma akamabwera, sesa pabwalo, bisa mphika wobooka, mwana wa zipere mutsekere m'nyumba. Ngakhale foromani, bwana akafika ku fodya, ankamuonetsa mzere wokongola. Umenewo ndi ulemu (kapena ndi bodza losamba bwino, kaya).

Tsono dziko linatembenuka. Mlangizi wa zaulimi, kuno timati mudhumeni, kale ankabwera pa njinga yamoto mwa apo ndi apo, fumbi koboo, wapita. Wa masiku ano ndi mtsikana, dzina lake Rudo, ndipo amakhala m'foni. Anatiika alimi tonse m'gulu limodzi la pa foni. Kulemba ine ndimachita kukwawa, koma muli kabatani kamene umangokanikiza n'kulankhula. Eee, kameneko anapangira ine!

Chimanga chitafika m'mawondo, mbozi zinalowa. Masamba anga ngati sefa, kumtima kwa chimanga utuchi wokhawokha. Rudo analankhula m'gulu muja: "Amene mwaona mbozi m'munda tumizani chithunzi, kuti ku ofesi adziwe kotumiza mankhwala."

Chithunzi chopita ku boma! Mtima wanga unati sesa.

Ndinaitana mnzanga Mai Asiyatu, amene amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi mzikiti, chifukwa dzanja lawo silinjenjemera pojambula. Ndinawatengera kuchulu, kumene chimanga chinali chikadali biriwiri. Ndinatola mbozi zonse n'kuponyera nkhuku, ndinathothola masamba obooka, ndinavala chitenje chatsopano, kuno timati zambia, ndi duku la kutchalitchi, n'kuima pakati ngati mkwatibwi.

"Achemwali," anatero Mai Asiyatu, "kodi sanati tijambule mbozi?"

"Inu mukamapita kuchipatala mumapita osasamba?"

"Ndimasamba, koma chilonda sindichisiya kunyumba."

"Jambulani, mayi, dzuwa likupita."

Chinapita chithunzi. Posakhalitsa foni inalira, Rudo: "Maiwe, Gogo, makorokoto! Taonani nonse munda wa Gogo!" Gulu lonse timanja towomba, timanja towomba. Ine ndinakanikiza kabatani n'kuwaimbira nyimbo yothokoza, mpaka ndime yachiwiri. Mumtima ndinkati boma ndi anthu ophunzira, aona kuti ndawalandira bwino, za mbozi adziwa okha (musandifunse kuti akanadziwa bwanji).

Mankhwala anabwera. Galimoto inadutsa pakhomo panga penipeni, fyuu, kupita kutsidya kwa mtsinje, kwa anthu amene anatumiza zithunzi zonyansa, ena mbozi ili pachikhatho, opanda n'duku lomwe. Ine ndinaima ndi kabotolo kanga kolandirira mankhwala m'manja. Mbozi zanga zinkangodya, usana kudya, usiku kudya.

Ndiye muti ndinanena? Ayi ndithu. Munthu amene wayamikiridwa ndi gulu lonse ayambe bwanji kuti pepani, ndinasesa?

Kenaka Rudo analankhulanso: "Lachisanu tonse tikumane kumunda kwa Gogo, tikaphunzire mmene anazigonjetsera mbozi."

Mayo ine! Ndinaphika maheu chidebe chodzaza, poti mlendo ndi mlendo. Anthu anabwera, a ku komboni, a kutsidya, ena anachita kukwera kombi. Vuto linali njira: kuti ufike kuchulu, umadutsa pakati pa munda. Ine ndinayamba nyimbo mokweza n'kuwatsogolera mozungulira, kuseri kwa khola la mbuzi, paminga. Abambo ena anakodwa buluku.

"Gogo, bwanji osadzera apa?" Rudo analowa mumzere. Anaima. Anatsegula chimanga chimodzi, mbozi n'kudzutsa mutu ngati mwini munda. Nyimbo yanga inafera pakhosi.

"Gogo, chithunzi chija chinali cha munda uno?"

"Uno womwe, mwana wanga. Mbali ya alendo."

Anthu aja kuseka kwake! Mai Asiyatu anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mpango. Koma Rudo sanaseke. Anandigwira dzanja n'kupita nane pambali.

"Gogo, ku ofesi samakuonani inu, amaona chimene mwatumiza basi. Pa makina awo munda wanu ndi wabwinobwino, ndipo mankhwala a dera lino atha kale. Mukanandionetsa, bwenzi galimoto itaima pano."

Pamenepo misozi inabwera yokha. Chimanga chimenecho ndicho chakudya changa mpaka mvula ina, ine wa ganyu ndilibe, mwamuna ndinaika kalekale.

Mtsikana uja anajambula masamba obooka, anajambula utuchi, anajambula mbozi, n'kutumiza pomwepo ali chiimire. Kenaka anatembenukira anthu: "Mwamwa maheu a Gogo? Chabwino. Aliyense mzere wake." Anatiuza kusakaniza phulusa ndi mchenga n'kuthira kumtima kwa chimanga chilichonse, mbozi yooneka kuitswanya. Anthu amene anabwera kudzaphunzira kwa katswiri anawerama m'munda mwa katswiri mpaka dzuwa kupendeka, uku akundiimba nyimbo yanga yomwe ija, atasintha mawu.

Mankhwala anadzabwera pa ulendo wina, mochedwa, koma anabwera. Ndinakolola theka. Theka, abale, koma langa, ndipo nkhokwe sinagone yopanda kanthu. Aleluya!

Pano ndinaphunzira. Chilichonse choipa ndimatumiza, tsamba lachikasu ndimatumiza, nkhuku ikayamba kuwodzera ndimatumiza, mpaka Rudo amati, "Gogo, mwayamba kundilotetsa." Sabata yatha mbozi zinaonekanso m'dimba, ndinatumiza tsiku lomwelo. Kungoti ndinayamba ndafunafuna kaye yonenepa bwino, ya mizere yooneka, n'kuikhazika pa mbale ya alendo. Yowonda ipite ku boma, anthu azati Gogo akulephera kudyetsa ndi mbozi zomwe?