Njovu ndi Jombo Yanga Yakumanzere

Aphunzitsi, ndakuonani. Chikhalireni pa benchipo maso anu ali pamapazi anga, pakamwa mukuchita kutsekapo ndi dzanja. Sekani poyera, pano ndi pachigafa, si m'kalasi mwanu ayi. Mukudabwa kuti Gelesomu Mwale, munthu wa imvi, amene anayamba kusoka fodya inu musanabadwe, akuvaliranji jombo zomanga ndi lasitiki ndi kabatani ngati mwana wa kumkaka. Ndikuuzani, ndipo amene aganize kuti ndikunama atenge njinga yanga iyo, apalase mpaka ku Lifupa, ku paki uko, akafunse njovu ya mnyanga umodzi. Ena nonsenu manja asaime, fodya azisankhidwa, nkhani imalowera m'makutu.

Poyamba mudziwe za mfundo yanga, chifukwa inu ndinu obwera. Kuno ku Kaomba munthu akamanga chinthu n'kulimba amati wamanga cha Mwale. Chaka china kunabwera chimphepo chimene chinasasula tchalitchi, n'kunyamula chigafa changa chonse, mizati, denga ndi fodya yemwe, n'kukachitula ku Simlemba chili chiimire, tsamba ngakhale limodzi losathothoka pa mikangala, ndipo anthu akumeneko atangoyang'ana mfundo zake anati m'chilankhulo chawo chija, "Ichi ntcha a Mwale," n'kundibwezera pa ngolo zisanu ndi ziwiri. Mukumva? Nsapato zanganso sindinamangepo ndi tizingwe ta m'sitolo. Ndinkalowetsamo twaini wosokera fodya, mfundo yake yomweyo, yoti ukamanga mmawa umayamba kumasula dzuwa likupendeka kuti pogona ukhale utamaliza.

Ndiye chaka chatha, nthawi ya nazale, kunabwera mwana wanga Esinati, amene ndi namwino ku boma. Anatulutsa jombo izi m'chikwama, n'kugwada bwinobwino, n'kundiveka yekha.

"Adada, izi simumanga," anatero. "Mungokoka lasitikiyu, kabatanika kagwira kokha. Pofuna kuvula mudina apa, phazi latuluka."

Ndinathokoza, chifukwa ndinaleredwa, koma mumtima munandiwawa. Ine, Mwale, kundimangira nsapato kabatani? Esinati atangokwera kabaza, fumbi lisanatsike n'komwe, ndinasolola lasitiki wa jombo yakumanzere n'kuponya m'thumba la buluku, m'malo mwake munalowa twaini. Yakumanja ndinaisiya choncho kuti mwana akabwera ndizimuonetsa mbali imeneyo. Mayi a kunyumba kwanga, aNabanda, awo akhala kumapeto uko akunamizira kusamva, anangoti, "A Mwale, mwana waona zala zanuzo. Mukumuyesa wopusa?" Ine ndinati zala zanga zili bwino, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Patapita masiku atatu ndinali kudambo, kuthirira mabedi a fodya. Dzuwa la tsiku limenelo, aphunzitsi, madzi ukathira uli chiimire amauma asanafike pansi, moti ndinkachita kugwada, kheni ili pafupi ndi mbande, kumathira ngati ndikumwetsa wodwala. Ndili chigwadire ndinangoona mthunzi wandikuta, ine n'kuyamika Mulungu kuti mtambo wabwera msanga chaka chino, koma potukula mutu ndinapeza mtambowo uli ndi miyendo inayi ndi minyanga iwiri yaitali ngati mitanda ya chigafa chino. Njovuyo inandiyang'ana, ine n'kuiyang'ana. Kenako inaviika chitamba m'chitsime changa n'kukoka kamodzi kokha, madzi onse, achule, ndowa ndi chingwe chake, chitsime n'kutsala gwaa, ndipo itaona kuti ludzu silinathe inatembenukira kwa ine amene ndinali ndi madzi otsala m'kheni.

Inandigwira phazi lakumanja, kukulunga chitamba pa jombo, n'kundinyamula mutu pansi miyendo m'mwamba. Apo ndi pamene mawu a Esinati anandibwerera. Ndinapinda msana, n'kudina kabatani ndi chala chimodzi chokha, phazi pholi, ine thapsa pa bedi la fodya. Njovu inatsala ndi jombo yopanda munthu. Inasuzumiramo, inaikutumula, inaiika kukhutu, ndipo itaona kuti yapusitsidwa inaiponya ndi ukali, jomboyo n'kuuluka kudutsa dambo lonse ndi munda wa chinangwa mpaka kukagwa pakhonde pathu, m'lichero momwe aNabanda amasenderamo mtedza. Funsani, ali pompano.

Ine ndinaliyatsa liwiro. Koma taganizani, inu odziwa masamu, mwendo wina uli ndi jombo ya soli yokhuthala, wina uli wosavala, ndiye kuti wina wautali wina waufupi, ndipo munthu wotero sathamanga molunjika, amazungulira. Ndinathamanga ndi mphamvu zanga zonse, kudumpha mabedi, kudumpha chulu, kudumpha chitsime chouma chija, mtima uli m'malo kuti ndafika kutali, n'kungozindikira ndawomba mphuno pa bondo la njovu yomwe ija. Siinasunthe n'komwe, inkangondidikira. Ulendo uno inagwira lakumanzere.

Ndinapindanso msana, chala chili chokonzeka, kufufuza kabatani. Kunalibe. Kunali mfundo ya Mwale, itakhala phee, yonenepa, yonyowa ndi madzi a m'dambo, ndipo mukudziwa nonse kuti twaini akanyowa amaluma. Njovu inatukula chitamba n'kuyamba kuthamanga kulowera kumadzulo, kwawo ku paki, ine ndikulendewera ngati nkhuku yopita kumsika.

Apa sindinama, ndinaopa. Ndinadziwa kuti ikukandimenyetsa pa mtengo kapena kukandimiza m'damu, ndipo ndikapanda kutuluka m'jombomo aNabanda adzalandira chipewa chokha. Ndinayesa mfundo ija ndi zala, zala zinakana. Ndinayesa ndi mano, awiri awa mukuona palibewa anatsala pomwepo. Ndinati nditenge kampeni, koma munthu ukakhala chadodolido matumba amakhuthuka okha, kampeni kanapita, machesi anapita, chinangwa chootcha chimene ndinasungira nkhomaliro chinapita, ndipo chomaliza kutuluka chinali kalasitiki kaja ndinakanyoza, kamene kanatsika n'kudzakola pa khutu langa ili, kabatani kake kakundigogoda patsaya ngati kakundifunsa kuti, nanga bwanji tsopano.

Nthawi imeneyo tinali tikudutsa pa mjigo wa kumapeto kwa mudzi. Amayi anabalalika, ndowa mbwee, koma ine sindinaiwale ulemu, ndinawapatsa moni ndili chozondoka, ndipo dzanja lina likupereka moni linalo linaponya nsonga ya lasitiki n'kukola chogwirira cha mjigo, nsonga inayo n'kuipisa pa lamba wa buluku, n'kukoka, kabatani n'kugwira. Mukumva? Kachingwe kotalika ngati mkono wanga uwu kanayamba kutamuka. Njovu ikaponda, lasitiki akoka, chogwirira chikwera, ikapondanso chitsika, mjigo n'kuyamba kudzipopa wokha, madzi kudzaza ndowa zonse, kusefukira, kutsikira kudambo mpaka kudzazanso chitsime changa chija, moti mabedi a chaka chatha sanafune kuthiriranso mpaka tsiku lowokera.

Tinadutsa minda, tinadutsa midzi itatu, lasitiki akungotamuka, woongoka ngati waya wa magetsi, moti amayi a m'midzi imeneyo ataona chingwe chabwino chadutsa pabwalo popanda mwini anayamba kuyanikapo zovala, njiwa n'kuterapo, munthu wina n'kupachikapo fodya wake wa chaka chatha amene anakanidwa ku okushoni. Pa waya wa paki njovu inangotukula mwendo ngati ikulumpha mzere wa mbatata. Tinalowa m'tchire, mbawala zikutipatsa njira, mpaka ndinaona madzi a damu la Lifupa ali kumwamba, thambo lili pansi, mvuu zitayasamula, ndi azungu awiri pakhonde la loji akundijambula m'malo mondithandiza.

Pamenepo ndiye lasitiki anati basi, ndafika pothera. Njovu ikuti iponde kutsogolo, mwendo ukubwerera. Inakanda pansi mpaka kukumba maenje anayi oti mungabzalemo nthochi, inalira mpaka masamba kuyoyoka, kenako inakola mnyanga pa mtengo wa msuku kuti ikokere, ine ndili pakati, lamba akundikokera ku Kaomba, chitamba chikundikokera kudamu, msana kulira ngati nsungwi, ndipo ndikukuuzani kuti tsiku limenelo ndinatalika, buluku limene ndinavala limandilekeza m'mawondo mpaka lero. China chake chinayenera kuduka. Mnyanga unathyoka, thyo. Mfundo ya Mwale siinasunthe. Lasitiki wa Esinati sanaduke. Imene inagonja ndi soli, inamatuka yonse n'kutsala m'chitamba, ine n'kuchoka ngati mwala wa pa legeni.

Ulendo umene njovu inayenda mmawa wonse ine ndinaubwerera mpweya umodzi. Ndinakuwa ndili ku Lifupa, koma ndinafika kuno mawu anga asanafike, anachita kubwera madzulo ake anthu atayamba kale kundipepesa. M'njira ndinkalowa m'zovala zonse zinayanikidwa zija, shati pamwamba pa shati, diresi la mayi wina, yunifolomu ya kwaya, zitenje zinayi, thewera kumutu. Ndipo poyang'ana kutsogolo ndinaona mjigo ukubwera, chitsulo chenicheni, ndi mutu wanga ukulunjika pomwepo. Ndikanakhala kuti ndinadzimangirira ndi mfundo yanga, bwenzi lero mukutunga madzi pa manda anga. Koma ndinadikira mpaka nditaona denga lathu pansi panga, n'kudina kabatani. Lasitiki anasololoka pa lamba, ine n'kutsika bwinobwino, zitenje zikundigwirira mphepo, mpaka pa mulu wa makoko a mtedza, pafupi ndi aNabanda amene anali ataimirira ndi jombo yakumanja m'manja.

Ndinagona pamenepo chagada, kuyang'ana nkhuku zathu, nkhokwe yathu, utsi wa kukhitchini, ndipo sindinaonepo zinthu zokongola chotero. Ndinaseka, kenako misozi inatuluka yokha. Ndinali moyo, aphunzitsi, ndi miyendo yonse iwiri. Koma chikopa cha jombo chinali chikadali pa kakolo, phazi litatupa ngati dzungu, mfundo ili pomwepo. ANabanda analowa m'nyumba, anatenga mpeni wa masamba, n'kudula twaini uja kamodzi, magazi n'kuyambanso kuyenda. Atatero anati, "Mawa mupite nayo kwa wosoka nsapato akaike soli ya tayala. Ndipo lasitiki wa mwana mukamutenge pa mjigo abwerere m'malo mwake." Nayi soliyo, gwirani, muone ngati ikufanana ndi inzake.

Mwamva kutsokomolako? Ndi aNabanda. Iwo amafotokoza mwina. Amati inali ng'ombe ya ngolo ya achimwene awo, chingwe chake chinandikola m'miyendo n'kundikoka kuchoka pachitsime kufika pa mjigo, ndipo zovala ndinazigwetsa pa chingwe cha eni ake pothawa. Musawamvere. Munthu amene anali pakhonde angadziwe bwanji kuposa amene anali chozondoka?

Koma poti atsokomola, ndinene ndekha asananene iwo. Mfundo imene inakana njovu ija sindinamange ine. Papita mvula zitatu zala izi zisakupinda, nyamakazi inazigwira, taonani, ngakhale ndindi ya fodya iyi ndikungoigwirizira kuti muziti ndikugwira ntchito. Mmawa uliwonse aNabanda ankatseka chitseko, n'kugwada ndi mawondo awo owawawo, n'kundimangira nsapato mfundo ya Mwale, kuti ndikatuluka anthu aziti mkulu uja akadali yemwe uja. Madzulo ankagwadanso kumasula. Esinati anationa tsiku lina pa windo, ndipo anangopita kukafuna jombo.

Ndiye sekani, aphunzitsi. Njovuyo ichepetseni mmene mungafunire, ichotseni chitamba, ipatseni nyanga ndi goli ngati mwagwirizana ndi aNabanda. Koma taonani kuno. Ndakoka, yagwira. Ndadina, phazi latuluka. Chichokereni ku Lifupa ndimavala ndekha, chitseko chili chotsegula, ndipo mayi awa sanagwadenso pamapazi anga.

Komabe inali njovu.