Chikho Chimene Chinagona Masiku Asanu ndi Limodzi kwa a Kalekeni

Malemu a Stafford Kalekeni sankavomera kuti mpira umatha woyimbira akaliza wezulo yomaliza. Kwa iwo, mphindi makumi asanu ndi anayi za pabwalo zinali zongosonkhanitsira umboni. Mpira weniweni unkaseweredwa Lachinayi, patebulo, pamaso pa komiti. Aliyense amene anaonerako mpira kuno kutsidya kwa nyanja, pakati pa matauni a Takoma Park ndi Silver Spring, m'zaka zimenezo akuwakumbukira: munthu wamfupi, wa jekete ya bulauni ngakhale m'chithukuta cha mu Julaye, tepi yoyezera m'thumba la kumanja, buku la malamulo m'thumba la kumanzere. Alipo ena lero amene akufuna kuwadzoza mafuta ponena kuti anali munthu wokonda chilungamo. Ndikukana. Chilungamo ankachidziwa monga mmene wopha ng'ombe amaidziwira ng'ombe, mfundo ndi mfundo. Chimene ankakonda n'kupambana mtsutso, ndipo amene ali ndi umboni wosiyana ndi uwu abwere nawo tikhale pansi.

Chikho cha Kaunti chinayamba mu 1972, pamene mwini sitolo ina ya matayala anatopa ndi mikangano ya makasitomala ake yolimbirana mtundu wodziwa mpira, nagula chikho chamkuwa kuti akathetsere nkhaniyo pabwalo. Matimu analipo asanu ndi atatu poyamba: a ku El Salvador, a ku Jamaica, a ku Ethiopia, Agiriki ndi ena otero, kuphatikizapo ife Amalawi ndi abale athu a ku Zambia, pansi pa dzina loopsa loti Takoma Mphenzi. Malamulo onse a mpikisanowo anakwana pa masamba awiri. Pamene a Kalekeni ankatsikira kuli chete anali atafika masamba makumi atatu ndi limodzi, ndipo Mayi Pruitt, mlembi wa komiti, ankatha kuloza tsamba lililonse n'kutchula Loweruka limene Mphenzi inagonja kuti tsambalo libadwe.

Pakuti Mphenzi inkagonja. Munali anthu a madigiri awiriawiri, odziwa kufotokoza chimene chikugwetsa chuma cha mayiko, koma osatha kuimitsa mpira wogubuduzika. Mimba zinkafika pa mpira miyendo isanafike. A Kalekeni, amene kumudzi anali kalaliki wa kukhoti ndipo kuno ankasanja makalata m'chipinda chapansi pa banki ina yaikulu ya mayiko, anawayang'ana anthuwa chaka chimodzi, nazindikira kuti chikhocho sichidzabwera ndi miyendo. Anapempha udindo wa mlembi wa timu. Cholinga chawo chinali chimodzi, ndipo sankabisa: kuti dzina la Mphenzi lidzalembedwe pa mkuwa uja iwo ali moyo.

Mu 1975 Ajamaika anatichinya zigoli zisanu kwa duu, zonse zogoletsa munthu mmodzi. Tsono malire a makaunti awiri, ndiye kuti maboma a kuno, ankadutsa m'kati mwenimweni mwa Takoma Park, ndipo lamulo linkati wosewera aliyense akhale wokhala m'kaunti yathu. A Kalekeni anatenga mapu, napita kunyumba kumene wogoletsayo ankachita lendi, akunamizira kufuna chipinda. Anapeza kuti malirewo anang'amba nyumbayo pakati: khitchini kwathu, chipinda chogona kwa eni ake.

"Bambo Kalekeni," anatero Mayi Pruitt Lachinayi lake, "munthuyu keyala yake ili m'kaunti muno."

"Keyala si munthu, mayi."

"Amadya muno."

"Ngakhale galu amadya m'makomo ambiri. Kwawo n'kumene amagona. Bedi lake ndaliyeza, lili mayadi atatu kunja kwa kaunti."

Anayankhula maola awiri. Komiti inawapatsa chipambano kuti ikapume, ndipo Mphenzi inalowa ndime yachiwiri isanaombereko mpira ngakhale umodzi pagolo.

Zinthu ziwiri zinachitika pambuyo pake zimene wofuna kumvetsa tsoka la munthuyu ayenera kuzisunga. Choyamba, mu 1977 kalata yawo ya apilo inafika mochedwa ndi tsiku limodzi, pakuti lamulo linkati ifike pasanathe masiku awiri, pamene positi siyenda Lamlungu. Apiloyo inatayidwa osawerengedwa. Kwa munthu wosanja makalata, ichi chinali chitonzo choposa kugonja. Kuyambira pamenepo anayamba kuponya kalata ya apilo Lachisanu, mpira usanaseweredwe.

Chabala, kaputeni wa timu, mwana wa ku Lusaka woyendetsa takisi, anawapeza tsiku lina akunyambita sitampa.

"Ba Kalekeni, manje tikalibe kusewera, imwe mwalemba kudala ati taluza?"

"Sindinalembe kuti mwaluza, Chabala. Ndalemba kuti ukonde wa golo uli ndi chiboo. Zoluzazo mukalemba nokha mawa ndi miyendo yanu."

"Nanga tikawina?"

A Kalekeni anamuyang'ana mimba, namata envelopu.

Chachiwiri chinachitika mu 1979, pamene Chabala yemweyo, atagwidwa ndi manyazi pa apilo yodandaula za mtundu wa masokosi a Agiriki, anaimbira Mayi Pruitt foni mwamseri kuti kalatayo aing'ambe. A Kalekeni atamva, anavutitsa komiti miyezi itatu mpaka inakhazikitsa lamulo 22: kalata iliyonse yofika kwa mlembi iyenera kuzengedwa, ndipo palibe angaibweze, ngakhale mwini wake. Mawu omalizawo anawonjezera okha, ndi dzanja lawo.

Tifike tsono ku 1984. Mphenzi inalowa ndime yotsiriza mwa njira imene akatswiri a mbiri adzavutike kuifotokoza. Pandime yoyamba adani sanabwere, atasokera pa msewu waukulu wa Beltway. Pandime yachiwiri tinagonja, koma apilo inatidutsitsa chifukwa woyimbira anali atavala malaya ofanana ndi a goloboyi. Pandime ya matimu anayi tinagonjanso, koma Aitiyopiya analemba mayina khumi ndi asanu ndi awiri pa fomu yofuna khumi ndi asanu ndi limodzi. Otidikira kumapeto anali anyamata a ku El Salvador a ku Langley Park, amene anali atatenga chikhocho kanayi, othamanga ngati auzidwa kuti kwawo kwapsa.

Ndime yotsirizayo anaiika pa bwalo la sukulu ina ya sekondale, lopangidwira mpira wa kuno wonyamula m'manja uja. A Kalekeni anakaliyeza Lachinayi, napeza kuti m'lifupi likuperewera mayadi anayi pa zimene lamulo 14 linkafuna. Kalatayo anailemba katatu. Anaiwerengera akazi awo, a Flossie, amene ankasita yunifomu yawo ya kuchipatala.

"Yamveka bwanji?"

"Yamveka ngati zinzake."

"Ayi, Flossie. Iyi ndiye mayi wa makalata onse. Ilibe polowera."

Lachisanu masana anaiponya m'bokosi la positi pa Carroll Avenue, namva ikugwera pansi, mtima uli mbee.

Chimene sanachiganizire n'chakuti bwalo lopapatiza ndi bwenzi la anthu onenepa. Amuna khumi ndi mmodzi a Mphenzi ataima mondondozana analitseka bwalolo ngati mipando m'chipinda chaching'ono. Anyamata a ku Langley Park anathamanga, koma kothamangira kunalibe. Kutatsala mphindi zinayi, Ackim wathu, wophunzira za mankhwala amene anali atatembenuka kuti afunse nthawi, anamenyedwa ndi mpira kunkhongo, mpirawo n'kudutsa pamwamba pa goloboyi. Chimodzi kwa duu. Wezulo inalira.

Anthu anathamangira m'bwalo. Azimayi anavula nsapato. Chabala anagwada pa udzu akulira ngati mwana. Munthu mmodzi yekha anatsala pamzere, ataima chilili, jekete ili pamapewa. A Kalekeni ankaona zonsezo, koma m'makutu mwawo munkangomveka kaphokoso ka envelopu ikugwera m'bokosi.

Chikho anachipereka kwa iwo kuti akasunge, monga mlembi. Anachiika pamwamba pa wailesi yakanema, ndipo Lamlungu lonse anthu ankabwera kudzachigwira, iwo akumwetulira ngati wodwala dzino. Za kalata ija sanauze munthu. Lolemba sanapite kuntchito. Anakaima pachipata cha Mayi Pruitt kudikira wamtengatenga wa makalata.

"Achimwene, muli ndi envelopu yoyera, yolembedwa ndi dzanja langa. Ndi yanga."

"Yalembedwa dzina lanu?"

"Kumbuyo."

"Kalata ndi ya amene walembedwa kutsogolo, bambo. Kuilanda ndi mlandu."

A Kalekeni anabweza dzanja. Lamulolo ankalidziwa bwino kuposa mnyamatayo, ndipo ankaliphunzitsa kuntchito. Anaima pomwepo kalatayo ikulowa pa kabowo ka chitseko. Mayi Pruitt anasuzumira pazenera, nawabayibitsa mwansangala. Zaka khumi anali asanawamwetulirepo.

Lachinayi chipinda cha komiti, kuseri kwa laibulale, chinadzaza mpaka pakhomo. Mphenzi yonse inalipo, itamva nkhaniyo Lachiwiri. Wapampando anali Bambo Doyle, nkhalamba imene inayimbira mpira zaka zambiri, munthu wachifundo. Anawerenga kalatayo, nayang'ana nkhope za anthu onenepa aja, namva chisoni. Anaganiza zowatsegulira khomo.

"Ine mmene ndikuonera," anatero, "lamulo 14 limanena za mipira ya ndime zoyamba. Silikhudza ndime yotsiriza. Kalatayi, pepani Bambo Kalekeni, ilibe maziko. Ngati palibe wotsutsa, tiitaye, chikho chikhale kumene chili."

Aliyense m'chipindamo anamva chimene nkhalambayo inkachita. Ngakhale woimira Langley Park anangoyang'ana kudenga, posafuna chikho chotola. Chimene chinkafunika kwa a Kalekeni chinali kukhala chete kwa nthawi yokwana kumeza malovu. Chabala anawaponda phazi, nakanikiza.

Ndipo anayesetsa, zimenezo tiwachitire umboni. Anaganiza za mkuwa uja pamwamba pa wailesi, ndi za mmisiri amene Lolemba akanazokotapo dzina la Mphenzi pansi pa 1984. Koma mawu aja, ilibe maziko, anali atalowa pansi pa jekete ngati linthumbu. Mayi Pruitt anali atayamba kale kuwalemba m'buku la zokambirana, mmene adzakhale mpaka kalekale, pafupi ndi dzina lawo. Anaona cholembera chikuyenda. Anasolola phazi.

"Wapampando, ndime yachiwiri ya lamulo 14."

"Ba Kalekeni, nkhalani pansi," anatero Chabala chapansipansi. "Napapata."

"Ndime yachiwiri ikuti, mipira yonse ya chikho. Yonse, wapampando. Mawuwo ndinapempha ndine mu 1981, inu mutakhala pomwepo."

"Bambo Kalekeni, mwina munalakwitsa poyeza," anatero Bambo Doyle, akutsegula khomo lachiwiri.

"Ndinayeza katatu."

Anayankhula mphindi makumi anayi, ndipo amene analipo amavomereza kuti sanayankhulepo bwino chotero. Anagwetsa mfundo iliyonse yowathandiza, imodzi ndi imodzi. Komiti inavomereza apiloyo popanda wotsutsa, nilamula kuti mpirawo ubwerezedwe pa bwalo la muyezo wokwanira. Atatembenuka kuti alandire ulemu wa wopambana, anapeza mipando ya Mphenzi ili yokhayokha.

Lachisanu anachikulunga chikhocho m'chitenje cha a Flossie, nakwera nacho basi, pakuti panalibe wa galimoto amene anayankha foni yawo. Pa bwalo lalikulu, anyamata a ku Langley Park anapeza mayadi anayi aja, natichinya zisanu ndi zitatu kwa duu. Apilo panalibe, bwalolo linali lokwanira mbali zonse.

A Mphenzi anawalanda udindo sabata yomweyo, mosatsata ndondomeko, ndipo iwo analembera timuyo kalata yodandaula imene palibe anaitsegula. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala ndi malo. A Flossie, atafunsidwa ndi amayi anzawo ngati amuna awo anapepesako, anati, "Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili nawo, mawu oti ndalakwa ndimangowamva kwa ana." Komabe Loweruka lililonse a Kalekeni ankabwera kubwalo, n'kuima kunja kwa waya, kumbali imene kulibe anthu. Akawona cholakwika ankakweza chala, kenaka n'kuchibwezera m'thumba. Anaima choncho zaka zinayi, jekete ikukulirakulira pathupi.

Anamwalira mu Okutobala 1988 ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Chabala, amene anali asanawayankhule chiyambire tsiku lija, ndiye anagwira bokosi kutsogolo, ndipo sanalole kulandiridwa mpaka pagalimoto. Mayi Pruitt anabwera atavala zakuda, nauza a Flossie kuti makalata a amuna awo ankabwerabe Lolemba lililonse zaka zinayi zonsezo, ngakhale panalibenso lamulo lomukakamiza kuwawerenga, popeza iwo sanalinso mlembi wa timu. Iye ankawawerenga. "Pa makalata khumi alionse," anatero, "asanu ndi atatu ankanena zoona."

Chikho cha Kaunti chikuseweredwabe, ndipo Mphenzi ikugonjabe pandime yoyamba, mwaulemu. Masiku ano timagwirana chanza ndi otichinya, n'kulongedza mipira m'galimoto. Kale munthu unkachoka pabwalo utachinyidwa zisanu koma ukuyenda monyada, podziwa kuti nkhani siinathe, kuti kwinakwake kuli bedi loima molakwika. Tsopano wezulo ikalira ndiye kuti zathadi. Timafika pa maloboti a New Hampshire Avenue tili chete, aliyense akudziwa bwinobwino kuti sitidziwa mpira, ndipo m'galimoto monse mulibe wotsutsa.