Kamba wa ku Zengeza

Pulani inabadwa Lachinayi masana, kuseri kwa botolositolo ina ya ku Zengeza, dera la m'tauni ya Chitungwiza, chigubu cha chibuku chikuzungulira amuna atatu. Mwini pulaniyo anali Takesure Dzvairo, amene Chitungwiza yonse inkamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anathandizapo anthu okonza magetsi kunyamula makwerero. Makwererowo sanabwererenso kwa eni ake, koma dzina linakhala.

"Amuna anzanga, nthawi yoba nkhuku yatha," anatero Injiniya, akupukuta masese ku ndevu. "Loweruka akutsegula nyumba ya zojambula mu holo yakale ya mowa ija. Miyala yosema ija azungu amailimbirana ngati nyama ya paukwati. Ife tikungofuna umodzi basi."

Mazondo, chimunthu cha mapewa ngati chitseko chimene chinkaganiza kamodzi pa sabata, anasankha tsiku limenelo kuti aganize.

"Mwala, mukoma?" anafunsa, pakuti kumeneko mkulu wako umamutcha mukoma. "Kwathu ku Murewa ili mbwee, yaulere."

"N'chifukwa chake uli wosauka. Ya kwanuyo ndi miyala yosaphunzira."

"Ndiye wodulawo ndiudziwa bwanji?"

"Zaphweka, aise. Ukaona wooneka ngati mbalame kapena mayi wobereka mwana, usiye, n'zachibwana. Wodula ndi umene suoneka ngati chilichonse."

Wachitatu anali Sipanala, mwini chingolo chokankha chimene ankanyamulira makabichi kumsika. Iye anafunsa za alonda.

"Mlonda wa chiyani?" anaseka Injiniya. "Tsiku lotsegulira amachita kukuitana, n'kukupatsanso maheu. Ine ndiwatangwanitsa ndi Chingerezi, Mazondo anyamula katundu, iwe udikire panja ndi galimoto."

Galimotoyo ndiye chingolo chija.

Loweruka Injiniya anafika atavala jekete ya malemu mlamu wake ndi magalasi opanda mphamvu. Anayembekezera kupeza azungu awiri atatu akuyenda monyang'ama manja ali kumbuyo. M'malo mwake anapeza Zengeza yonse. Holo imene kale anthu ankasanziramo inali itapakidwa laimu, mbee. Panja marimba anali kulira, amayi a kumsika akuvina ndi maepuloni awo. M'kati, wometa tsitsi wa pakona anali ataima pafupi ndi chithunzi chimene anajambula yekha, akukoka aliyense wodutsa kuti achione. Sekuru Nyandoro, nkhalamba imene inasema miyala zaka makumi anayi koma yonse n'kumapita kunja anthu akwawo osaiona, inali itavala suti, misozi ili lengelenge m'maso.

"Lowani, ana anga, lowani!" inatero nkhalambayo, ikugwira Injiniya dzanja ndi manja onse awiri. "Lero zathu tikuzionera kwathu konkuno."

Palibe amene anamulandirapo Injiniya choncho chibadwire. Zinamusokoneza pang'ono, koma anakumbukira kuti ali pa ntchito.

Panja, Sipanala anali atangoimika galimoto pamene mayi wina wa komiti anamuona.

"Iwe wa chingolo, Mulungu wakutuma! Mipando yachepa. Thamanga kutchalitchi ukatenge ina."

Sipanala anaganiza kuti akakana amukayikira. Anapita.

M'katimo Injiniya anayamba kuzungulira, akugwedeza mutu pa chithunzi chilichonse n'kumati, "Hmm," ngati dokotala. Kenako anafika pamene panali chikhamu cha anthu akuseka. Anasuzumira. Chinali chithunzi chachikulu cha munthu akudumpha mpanda wa njerwa, sola ya padenga ataimangirira kumsana. Nkhope inali itayang'ana kumbali. Pansi pake panalembedwa kuti: Kamba wa ku Zengeza.

Injiniya anaudziwa mpandawo. Anaidziwanso solayo. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

Nthawi imeneyi Mazondo anali atayendera miyala yonse. Wina unali kadzidzi, wina unali nsomba, wina mayi wobereka mwana. Zachibwana zokhazokha. Atatsala pang'ono kutaya mtima, anauona: unali pansi, pafupi ndi khomo, wakuda, wamabampumabampu, wosaoneka ngati chilichonse. Anaona kuti eni ake anali ochenjera, anauika pansi dala kuti mbava ziupitirire. Anawerama, anaukumbatira, n'kubwerera nawo m'mbuyo kuti auponye m'thumba.

Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inachita zotsalazo. Chitseko chachitsulo chimene mwalawo unkachitchinga chinayenda chokha n'kutsekeka, phwaa! Kunja mpiringidzo unagwera m'malo mwake. Holoyo inamangidwa kale kuti zidakwa zisamathawe apolisi akabwera, choncho chogwirira cha m'kati panalibe. M'mawindo munali zitsulo zimene komiti inaika sabata yomweyo poopa mbava.

Anthu onse anatembenuka. Mazondo anali chilili, mwala uli pachifuwa ngati khanda.

"Ndimangouyesa kulemera," anatero.

"Ndi wolemeradi, mwanangu," anayankha Sekuru Nyandoro mokoma mtima. "N'chifukwa chake tinauika pachitseko."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wina anafuula pawindo kuti a panja atsegule, koma marimba anali atafika pokoma ndipo palibe anamva. Sekuru anati palibe vuto, anthu anabwera kudzaona zithunzi, ndiye azione bwinobwino. Anaitana Mai Gwenzi, mphunzitsi wopuma ntchito amene anajambula Kamba uja, kuti afotokoze za chithunzi chawo.

"Ine sindipeka," anatero Mai Gwenzi. "Linali Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, ine ndili pawindo ndi chimfine. Ndinangoona chinthu chikukwawa pa mpanda wa Mai Chirenje. Nkhope sindinaione, koma zina zonsezi ndinazijambula momwe zinalili."

"Sola yanga imeneyo!" anafuula Mai Chirenje, amene ankagawa maheu pakona. "Miyezi isanu ndikuyatsa kandulo ngati ndili kumudzi!"

"Taonani chimimbacho," anatero wometa tsitsi uja. "Wakuba wanji wa mimba ngati ali ndi pakati?"

"Nanga matewewo! Mbuzi ikhoza kudutsa pakati osagunda."

"Ameneyu mkazi alibe," anatero mayi wina. "Ndani angalole?"

Injiniya anapirira za matewe. Anapiriranso za mkazi. Anadziuza kuti dolo salankhula. Koma Mai Gwenzi anawonjezera kuti munthuyo anayesa kudumpha kanayi konse asanakwanitse, ndipo anthu anayamba kuwerenga limodzi, akuwomba m'manja.

"Bodza!"

Mawuwo anatuluka okha m'kamwa mwa Injiniya.

"Kanali kawiri," anatero Injiniya mwaukali. "Kawiri kokha, ndipo koyambako njerwa inali yogwedera. Ndiponso mayi, ngati mukuti ndinu wojambula, jambulani zoona. Mimba imeneyi mwaitenga kuti? Tayang'anani!" Anatsegula jekete ya malemu mlamu wake n'kukokera mimba m'kati. "Ikufanana ndi iyo?"

Anthu anayang'ana mimba, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso mimba.

Mazondo sanafune kuti mkulu wake atsutsidwe pagulu.

"Akunena zoona mukoma," anatero, mwala udakali m'manja. "Kanalidi kawiri. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikulandira."

Mai Chirenje anaika chikho cha maheu pansi bwinobwino kuti asatayike. Anavula duku, analimanga m'chiuno, n'kuyamba kuyenda. Injiniya anayang'ana chitseko, anayang'ana mawindo, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anayamikira ntchito ya owotcherera zitsulo a ku Zengeza. Anakabisala kuseri kwa chosema cha mayi wobereka mwana, koma chosemacho chinali chowonda.

Amene anatsegula chitseko anali wapolisi wa m'deralo. Anali ataitanidwa ngati mlendo wolemekezeka ndipo anafika mochedwa monga mwa ulemu wake. Anapeza Mai Chirenje atakhala pamsana pa munthu wa jekete, akupuma. Asanafunse n'komwe, Sipanala anatulukira pakhomo, thukuta lili kamukamu, mipando khumi ndi iwiri ili pa chingolo.

"Injiniya! Mazondo!" anaitana. "Galimoto yabwera. Mwala uja mwaba kale kapena ndidikire?"

Wapolisiyo sanayambe wagwirapo ntchito yophweka chotero. Anawakhazika atatuwo pa mipando itatu mwa imene Sipanala anabweretsa, n'kunena kuti kupolisi apita mwambo ukatha, chifukwa iyenso anabwera kudzaona zithunzi. Sekuru Nyandoro anadula riboni, nthungululu zinalira, marimba analowa m'kati. Anthu anapanga mzere kuti ajambulitse pafoni ataima pakati pa Kamba wa pakhoma ndi Kamba wa pampando. Mazondo anapempha maheu ndipo anamupatsa.

Dzuwa litapendeka, akuwatulutsa, Injiniya anaima pamaso pa Mai Gwenzi. Analankhula motsitsa, ngati munthu wopempha chinthu chomaliza.

"Mayi, zinazi zachitika, zachitika. Koma mimba ija mukonza?"

Mai Gwenzi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, diso limodzi atatsinzina.

"Ndikonza, mwanangu," anatero. "Lero ndakuonera pafupi. Ndinaichepetsa."