Shapu ya a Mbewe

Ku Mlonyeni kuli mudzi umene ndikamadutsa ndimatsitsira chipewa m'maso. Sindinabeko mbuzi kumeneko, sindinatukwaneko munthu. Chinandigwetsa ndi liwu limodzi lachingerezi, ine amene ndaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Guilleme kuyambira ndili ndi tsitsi mutu wonse.

Liwulo ndi shapu. M'mabuku athu limanena za chinthu chakuthwa ngati mpeni, ndipo ine ndinkadziwa zomwezo basi, mpaka tsiku limene ndinakwera pikapu ya alamu anga a Levisoni, mlongo wawo wa mayi akunyumba. Iwo amanyamula mtedza kuchokera m'midzi kupita paboma ndi kumalire. Sukulu anasiyira Sitandade 6, koma zimene anachita ndi liwu limeneli pa ulendo umodzi wokha ine sindingazichite ndi dikishonale yonse.

Mnzawo atawafunsa za moyo, anati, "Shapu." Mayi wina atawaponyera nthochi pawindo, anati, "Shapu, mayi," kuthokoza kumeneko. Kwa okweza matumba anakuwa kuti, "Shapushapu, amwene, dzuwa likupita!" Za wogula wina wa ku Chipata anandinong'oneza kuti, "Ameneuja ndi shapu," ndipo ndinamva kuti munthuyo ngwofunika kumuyang'anitsitsa pasikelo. Kenako wanjinga yamoto anatidula kutsogolo. A Levisoni anangomuyang'ana n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Shaaapu." Munthuyo anatukwanidwa bwinobwino popanda liwu loipa ngakhale limodzi.

Ndinachita nazo kaso. Pofika kunyumba ndinali nditalemba matanthauzo asanu ndi awiri kuseri kwa envulopu, ndipo ndinayamba kuliyeserera liwulo kwa aphunzitsi anzanga (ahedi anandifunsa ngati ndayamba kuyendetsa minibasi).

M'masiku omwewo Yohane, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta ku Mlonyeni, mtsikana wodekha dzina lake Esinati. Ine monga mtsibweni ndinayenera kukumana ndi atsibweni a mtsikanayo, a Mbewe, kuti tikaonekere. Ndinawaimbira foni. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti netiweki yathu ikatopa imawoloka malire n'kukapuma ku Zambia.

"A Mbewe, ife timati tibwere Loweruka likudzali," ndinatero.

"Loweruka..." Panamveka kukhwekhwereza. "...abale onse adzakhalapo..." Kukhwekhwerezanso. "...shapu."

Foni n'kuduka.

Mayi akunyumba anali pambali akusenda chinangwa. "Abambo, imbaninso mumve bwino," anatero. Ine ndinatulutsa envulopu ija n'kuwawerengera tanthauzo lachitatu, lakuti tagwirizana. Anangopitiriza kusenda.

Nditapita kukapempha pikapu, a Levisoni anandifunsa funso limodzi.

"Alamu, shapu yakeyo inali yotani? Yokwera kapena yotsika?"

"Shapu ndi shapu," ndinayankha.

Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira tayala lakutha, koma sanatsutse. Munthu waulemu.

Loweruka tinanyamuka anthu asanu ndi anayi. Ine nditavala suti ndi tayi, Yohane atameta mpaka mutu ukuwala, mlongo wanga ndi amayi anzake kumbuyo, tambala wamkulu ali m'dengu. Titakhota kulowa m'mudzimo ndinaona tenti, mipando, migolo ya thobwa, amayi atavala zitenje zofanana, kwaya ikuimba. Mtima wanga unadzaza. Ndinagunda a Levisoni ndi chigongono n'kuti, "Mwaona? Abale onse alipo." Mlongo wanga anaimba nthungululu yaitali. Anthu anatembenuka, koma palibe anayankha, ndipo ine ndinati mwina kuno nthungululu amaimba pomaliza.

Bambo wina wachikulire anatilandira n'kutikhazika kutsogolo kwenikweni (tinamva pambuyo pake kuti amadikira achibale a ku Chipata amene iye sankawadziwa nkhope). Patebulo panali nkhata za maluwa zitandandalikidwa. Ine ndinangoti anthu awa amadziwa kulandira alendo. Esinati anatulukira ndi chidebe cha madzi, ndipo ataona Yohane anagwira pakamwa n'kubwerera chothamanga. Ndinauza Yohane kuti mkazi wamanyazi ndiye mkazi. A Mbewe sanali pamenepo, ankati apita kukaona ngati zonse zakonzeka.

Posakhalitsa woyendetsa mwambo anatenga chimkuzamawu n'kuti, "Alendo athu ochokera kutali, ngati pali mawu, mpata ndi uno."

A Levisoni anandikoka jekete. Maso awo anali pa chitenje cha mayi amene anakhala pafupi nafe. Ananena motsitsa kwambiri kuti, "Alamu. Shapu."

Lero ndikudziwa kuti imeneyo inali yoti chenjerani, khalani pansi, musatsegule pakamwa. Sinali pa envulopu. Ine ndinaimva ngati yondilimbikitsa, ndinawayankha kuti "Shapu," n'kuimirira.

"Abale ndi alongo," ndinayamba, "ife tabwera ndi chimwemwe chosefukira. Tsiku ili takhala tikulilakalaka kwa nthawi yaitali." Kwaya inasiya kunong'onezana. Ine ndinati mawu akulowa, ndiye ndinakweza. "Pakhomo pano taonapo duwa lokongola, ndipo sitibwerera kwathu tisanalithyole!"

Mayi amene anali pafupi ndi tebulo anatambasula manja n'kukokera nkhata zonse kwa iye. M'tenti munangoti zii. Tambala yekha ndiye analira m'dengu. Apo m'pamene ndinayang'anitsitsa chitenje chija. Panali nkhope ya gogo wina, ndipo pansi pake panalembedwa kuti ause mumtendere.

Nthawi yomweyo a Mbewe anatulukira ndi akatekisiti kudzauza anthu kuti chiliza cha malemu mayi awo chakonzeka, tiyeni kumanda. Anandipeza nditaima ndi chimkuzamawu m'manja, thukuta likutsikira m'tayi. Zimene a Mbewe anali atanena pafoni paja zinali zakuti Loweruka ayi, kuli mwambo wa chiliza, abale onse adzakhalapo, adzandiimbira zikatha. Shapu yawo inali yotsanzika.

Ndinayang'ana Yohane. Anali atazyolika, ndipo ndinaona kuti ndamuphera ukwati mwana wa mlongo wanga.

A Levisoni anaimirira, anavula kapusi, n'kutenga chimkuzamawu m'manja mwanga mofatsa ngati akulanda mpeni kwa khanda.

"Akuluakulu, pepani," anatero. "Aphunzitsiwa ayambira kumapeto, ine ndiyambire koyambirira. Mwana wathu waona mwana wanu, n'zoona. Koma munthu sapempha chipatso asanalonjere mwini mtengo. Gogo amene mukumukumbukira leroyu ndi amene analera Esinati. Tiloleni tikagwade nanu kumanda. Tambalayu alowe kukhitchini, athandize ndiwo za alendo. Nkhani inayo ili ndi tsiku lake."

Mmene anadziwira kuti gogoyo ndiye analera Esinati sindikudziwa, mwina Yohane anawauza panjira ine ndili kalikiliki kukonza mawu anga. Amayi angapo anapukuta misozi. A Mbewe anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anayang'ana ine, milomo ikugwedera ngati munthu amene akulimbana ndi chiseko pamalo osayenera.

"Shapu?" anafunsa a Levisoni.

"Shapu," anayankha a Mbewe.

Tinapita kumanda, tinaimba nawo, ndipo ine ndinaima kumbuyo kwenikweni kuseri kwa mtengo. Pobwerera Yohane anakana kukhala nane kutsogolo. Patapita milungu iwiri tinakaonekera bwinobwino, wolankhula ali a Levisoni, ine ntchito yanga inali kugwedeza mutu. Yohane ndi Esinati ali pabanja tsopano, ali ndi mwana wamkazi.

Ndinawapempha a Levisoni kuti andiphunzitse matanthauzo otsalawo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, liwu limeneli palokha ndi thumba lopanda kanthu. Zam'kati amaika ndi mwini wake. Inu muziyang'ana munthu, osati liwu."

Ndinavomera, ndipo masiku ano munthu akandiuza tsiku pafoni ndimamubwerezetsa katatu. Koma ku Mlonyeni sanaiwale. Mwezi wathawu kunali chiliza china kubanja lomwelo, ndipo a Mbewe anatitumizira uthenga wotiitana mwaulemu wonse. Pansi pake anawonjezera kuti aphunzitsi abwere ndithu, mpando wawo ulipo, koma waikidwa kutali ndi maluwa.