Mafupa atatu a tambala wa a Chikadza

Ena ukwati umawalephera chifukwa cha mowa, ena chifukwa cha ulesi. Ine unatsala pang'ono kundilephera chifukwa cha mafupa atatu a nkhuku, ndipo ndikaikumbukira nkhaniyi manyazi amandigwirabe.

Nthawi imeneyo n'kuti likulu litangosamukira ku Lilongwe, ku City Centre kukununkhabe simenti. Ine ndinali mphunzitsi watsopano wa sayansi pa sekondale ina, nzeru za m'mabuku zikuchita kutayikira. Sabata ina ndinali nditawerenga m'magazini ina ya kulaibulale kuti mbalame zinachokera ku zilombo zakalekale zija amati madayinaso. Amati manja a zilombozo poyamba ankangoloza pansi, ogwirira nyama basi. Kenako, pa mibadwo yosawerengeka, mfundo ya paphewa inapendekera m'mbali ndi m'mwamba, mpaka mkono unayamba kukwera kupitirira msana n'kusanduka phiko. Umboni wake akuti uli pa nkhuku iliyonse: kafupa kamphanda ka m'munsi mwa khosi kaja, kena kochindikala kochirikiza phewa pachifuwa, ndi kena kopyapyala kogona chakumsana. Nkhaniyo inanditenga mtima moti ndinalonjeza ana a folomu 3 kuti Lolemba adzaona ndi maso awo. (Za kumene ndikaipeze nkhukuyo sindinaganizeko. Malipiro anga ankangofika pa matemba.)

Loweruka lake ndi limene ndinkakaonekera kwa atsibweni ake a Felesiya, mtsikana wotayipa makalata ku City Centre amene ndinkafuna kumanga naye banja. Makolo ake anali kumudzi, ndiye mawu onse anali ndi atsibweniwo, a Chikadza, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Area 2. Iwo akangoti ayi, nkhani yathera pomwepo. Felesiya anandilangiza zinthu ziwiri zokha: ndimete tsitsi, ndiponso ndisayankhule kwambiri. Tsitsi ndinameta.

Anandilandira bwino, mpaka kundiphera tambala. Pabalaza tinakhala awiri, ine ndi a Chikadza. Akazi awo ndi Felesiya anali kukhitchini, kuseri kwa katani.

"Nthutumba ndi yanu iyi, aphunzitsi," anatero a Chikadza akundikankhira mbale ya ndiwo.

Ngakhale mwana amadziwa kuti umenewo ndi ulemu waukulu. Koma maso anga anali atagwera kale pa chidutswa cha pachifuwa, phiko lili pomwepo, phewa lonse losathyoka.

"Zikomo, bambo. Koma ngati n'kotheka, ndingakonde ichi."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kudya okha nthutumbayo. Kenako anayamba kuonerera kadyedwe kanga. Iwo mafupa awo ankatafuna mpaka kusanduka ufa, pamene ine mnofu ndinkausenda pang'onopang'ono ngati dokotala, fupa lililonse kulinyambita n'kuliika bwinobwino m'mphepete mwa mbale.

"Kodi mano akuvuta?"

"Ayi, bambo, ali bwinobwino."

Posakhalitsa munthu wina anaodira panja kudzafunsa za malaya ake, ndipo a Chikadza anatuluka. Ine msangamsanga mafupa aja pa mpango, mpango m'thumba. Ndinapuma mosangalala ndithu, poganiza kuti phunziro la Lolemba latheka. Kuti katani ya kukhitchini inali ndi mpata, sindinaone.

Atabwerera, akazi awo anawaitanira kuseri. Ndinamva manong'onong'o. A Chikadza anatuluka nkhope itasintha, n'kukhala pansi mofatsa.

"Aphunzitsi, m'mbale mwanu mulibe mafupa, koma sindinakumveni mukutafuna. Tatulutsani zili m'thumbazo."

Ndikumasula mpango m'pamene nzeru zakumudzi zinandibwerera. Mlendo wobisa zotsala za chakudya pakhomo pa eni ake amakhala akupita nazo kwa sing'anga, makamaka ngati pakhomopo pali mtsikana amene akumufuna. Apa ndikanangopepesa n'kutseka pakamwa. Koma uphunzitsi ndi matenda.

"Si zimene mukuganizazo, bambo. Mafupa awa ndi okhudza kuuluka."

"Kuuluka?"

"Eya. Ndikufuna ndikaphunzitse ana mmene kuuluka kunayambira."

Kuseri kwa katani kunagwa chikho. Ndinamva mayi aja akuti, "Mayo ine, Felesiya, munthu wako amaphunzitsa ana kuuluka."

Poona kuti zaipa, ndinaimirira kuti ndifotokoze bwino. (Inde, ndinaimirira.) Ndinapinda zigongono m'nthiti kusonyeza chilombo chakale chija, kenako n'kuyamba kukweza mikono pang'onopang'ono, m'mbali, m'mwamba, kupitirira msana, uku ndikutchula zaka zankhaninkhani. Pofika pa mbalame yoyamba n'kuti ndikukupiza manja pakati pa balaza la eni ake, tayi ili paphewa. A Chikadza anangodikira mpaka nditatera.

"Mwamaliza?" Anatenga mpango uja ndi mafupa ake omwe. "Awa atsala kuno. Muyende bwino."

Felesiya sanandiperekeze. Ndinayenda wapansi mpaka kukadutsa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, mtima ukuwawa kwenikweni, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda ndipo ndinadziwa kuti ndamutaya ndi pakamwa panga. Lamulungu lonse ndinakhala m'nyumba osafuna kuonana ndi munthu.

Lolemba ndinalowa m'kalasi chimanjamanja, nditakonzeka kupepesa ana. Ndisanayambe n'komwe, pakhomo panaima a Chikadza, atavala suti yosoka okha, aphunzitsi aakulu ali pambuyo pawo. Anayenda mpaka patebulo langa n'kuikapo kansalu komanga.

"Nawa mafupa anu. Phunzitsani, ndionerere."

Anakakhala pa desiki yakumbuyo, chipewa pa bondo. Ine ndinaphunzitsa ngati mawa kulibe. Ndinajambula zilombo pa bolodi, ndinazungulitsa kafupa kamphanda mzere uliwonse, ndinafotokoza mfundo ya paphewa kuyambira pachiyambi penipeni, ndi kubwereza komwe. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo malata akuthetheka. Sindinasiye mpaka belu linalira.

Ana atatuluka, a Chikadza anabwera akuwongola msana. 

"Zoti tambala wanga ndi mdzukulu wa buluzi, sindikuvomera," anatero. "Koma ndawaona anawa. Theka lonse limasinza, mmodzi mpaka dovu pa kope. Mfiti ikamaphunzitsa, ana sagona chonchija. Inu palibe amene mungamuulutse. Uzani akwanu abwere tidzakambirane."

Ndinathokoza ndi manja awiri. Mpaka pamene anapotera pa geti m'pamene ndinazindikira kuti mkazi ndapatsidwa chifukwa chosadziwa kuphunzitsa. Felesiya amati chikhala ndinamvera malangizo ake onse awiri, bwenzi zonsezi kulibe, ndipo sindimutsutsa. Koma ndikafuna kumufotokozera bwinobwino mmene zinakhalira, naye amayamba kuyasamula.