Tsiku Limene a Shapushapu Anakwera Ngolo ya Kabichi

Inu, minibasi iyi sidzadza msanga, ndipo kondakitala wapita kokadya kanyenya ngati tonse tinasamukira pano pa Chimbiya. Khalani pansi ndikuuzeni za a Bongani.

A Bongani anali munthu wa ku Joni, wobadwira komweko, osati athu awa amene amapitako miyezi isanu n'kubwerako ataiwala dzina la therere. Anyamata onse a Dedza akuthamangira kumeneko kukasaka ganyu, iwo anayenda chobwerera: analembedwa ntchito yoyang'anira makina ochekera matabwa pa kampani ina m'munsi mwa Phiri la Dedza. Munthu wake wamfupi, wadazi, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Anatha miyezi isanu ndi itatu kuno, koma Chichewa chotuluka m'kamwa mwawo chinali mawu atatu: "zingati", "fulumirani" ndi "ayi". Kumva ankamva ndithu, kungoti kuyankha kumadya nthawi. Mukawapatsa moni ankakweza chala chimodzi n'kuti "shapu shapu", mawuwo n'kukupezani eni ake atakhota kale. Dzina linabadwira pomwepo: a Shapushapu.

Ankadya okha muofesi, ataimirira. Lamulungu ankadzitsekera m'nyumba n'kumaimba foni kwawo, kudandaula kuti ku Malawi kulibe anthu ocheza nawo. Tamverani zimenezo. Kulibe anthu, m'dziko loti ngakhale utabisala patchire umangomva wina akuti, "Zikomo kumeneko."

Lachisanu lina, mvula ya Febuluwale ili pachimake, makina aakulu anakhosomola kawiri n'kuzima. Eni kampani anaimba kuchokera ku Lilongwe kuti matabwa a denga la sukulu ina anyamulidwe Lachiwiri, kupanda kutero a Bongani akapitirize changu chawocho kwawo. A Levison, dalaivala wa pakampanipo, anati munthu mmodzi yekha ndiye amadziwa mtima wa makinawo: a Kenan, nkhalamba ya kuseri kwa Mayani, amene anawasamala zaka makumi atatu asanapume. Foni ali nayo, koma imakhala m'thumba la jekete ya kutchalitchi. A Levison anadzipereka kuti awaperekeze. A Bongani anakana, ati a Levison amaima panjira kupatsa moni ngakhale mbuzi, pomwe iwo ali ndi mapu m'foni.

Loweruka m'mawa galimoto inadutsa pa Mayani ngati yaba. Atangopitirira msika, mayi wa m'foni uja, amene ankawauza kokhotera, anangoti zii. Naye kumeneko sanafikeko. Pamphambano panali mayi wogulitsa tomato. A Bongani anatsitsa galasi n'kukuwa, "Kenan! Kuti?"

Mayiyo anapukuta manja pachitenje, n'kuwerama pang'ono, n'kufunsa mmene bambo adzukira. Bambo anagogoda wotchi. Mayiyo analoza kumanzere.

"Yachidule ndi iyi, koma..."

Galimoto inali itapita. Inu, mawu oti "koma" ndiwo amasenza katundu yense wa nkhani, ndipo a Bongani anawasiya pamphambano pamodzi ndi tomato.

Chapatsogolo anapeza masamba atayalidwa mopingasa msewu. Aliyense kuno amadziwa kuti ukaona zimenezo pali maliro: wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda ngati wanyamula mazira. A Bongani anaganiza kuti ndi mphepo. Anapondereza mafuta, ndipo poona anthu atadzaza m'mbali mwa msewu, anawaimbira hutala wautali, pakati penipeni pa nyimbo ya amayi a kwaya. Madzi a m'chithaphwi anawaza mathalauza a azibambo asanu. Mumtima ankati n'chifukwa chake dziko ili silitukuka, anthu angokhala pansi Loweruka m'mawa.

Kenaka anakumana ndi "koma" uja. Mlatho unali utakokoloka, msewu unkangolowa m'dambo n'kuthera momwemo. Munthu wanzeru akanabwerera. A Bongani anabwerera pang'ono kuti apeze liwiro. Galimoto inalowa m'matope mpaka m'zitseko, n'kukhala phee ngati yafika kwawo. Potsika, nsapato yakumanja inatsala pansi, ndipo mpaka lero ikadali komweko. Poyesa kukankha, anagwa chafufumimba, dazi lonse n'kusanduka chigulumwa cha dothi.

Anthu ankadutsa ndithu. Aliyense ankaima, kupereka moni, n'kudikira yankho. Yankho linkakhala "Fulumirani!" ndi dzanja lolozera galimoto. Munthu ankati pepani, akuchedwa kumaliro, n'kumapita. Atadutsa wachisanu ndi chiwiri, a Bongani anakwera pa boneti n'kukhala pansi. Maola awiri. Aka kanali koyamba chibwerereni kuti matako awo adziwane bwino ndi chinthu cha ku Malawi.

Dzuwa lili pamutu kunatulukira ngolo ya ng'ombe ziwiri, yodzaza kabichi, ikuyendetsedwa ndi mayi wachikulire wa duku lofiira, a Filomena. A Bongani anatsika pa boneti.

"Muli... bwanji, mayi?"

Mawuwo anatuluka akulira ngati chitseko cha nyumba yosagonamo anthu. A Filomena anawayankha mokwanira: iwo ali bwino kupatula msana, ana ali bwino, ng'ombe yakumanzere ikutsimphina, mvula yawononga nyemba, kaya kumene bambo achokera. A Bongani anaima ndi nsapato imodzi n'kumvetsera zonse, pakuti mwini ngolo sadulidwa mawu. Galimoto, a Filomena anati, ng'ombe ziwiri sizingaithe. Koma kwa a Kenan n'kufupi ndi kwawo, ngati bambo sanyansidwa kukhala pa kabichi.

Munayamba mwakwerapo ngolo mukufulumira? A Bongani anayesa kamodzi kuuza ng'ombe kuti "fulumirani". Yakumanja inaima n'kukodza kwa mphindi ziwiri, ikuwayang'ana m'maso. Aliyense wokumana naye panjira, a Filomena ankaimitsa ngolo, n'kugunda mlendo wawo ndi chigongono kuti nayenso ayankhe. Pofika kutsidya kwa dambo anali atayankha moni makumi awiri ndi atatu, lilime litayamba kufewa.

Atamva kuti mlendoyo ndi wa ku Joni, a Filomena anasangalala, n'kufunsa ngati amamudziwa Gibson, mwana wawo, wamtali, wa mpata pamano. A Bongani anayesa kufotokoza ndi manja kuti Joni ndi wamkulu. A Filomena anati akudziwa, koma Gibson nayenso ndi wamtali kwambiri. Amatsuka magalimoto. A Filomena anatulutsa chimanga chootcha m'kansalu, n'kuchithyola pakati, n'kuwapatsa theka.

"Amati zaka zitatu tsopano palibe anamufunsapo mmene wadzukira," anatero a Filomena. "Ndiye ine ndinkati mwina anthu akumeneko anabadwa opanda pakamwa. Koma ndaona inu muli napo."

A Bongani anatafuna chimanga nthawi yaitali. Anakumbukira bambo wina ku Joni amene ankawatsukira galimoto Loweruka lililonse kwa zaka zinayi, amene iwo ankangomuitana kuti "Malawi". Dzina lake sanafunsepo. Anatulutsa foni yamatope ija, n'kupempha nambala ya Gibson.

Kwa a Kenan anapeza loko pachitseko. Woyandikana nawo anati madala ali kumaliro a akulu awo, kumsewu uko, kumene kwadutsa wamisala wina wa hutala m'mawa uno. A Bongani anayang'ana pansi. A Filomena anayang'ana a Bongani, n'kungoti nawonso akupita komweko akatsitsa kabichi. Anawabwereka majombo a malemu amuna awo, aakulu ngati mitondo, n'kuwatsogolera wapansi kudzera njira yakumtunda, yomwe mayi wa tomato uja ankafuna kutchula.

Atafika pasiwa, aliyense anawazindikira. Palibe anawakalipira. Anachita zoposa apo: anawapatsa mpando kutsogolo, pomwe aliyense akanawaona bwino, ndipo azibambo asanu a mathalauza amatope aja anabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza ndi kufunsa ngati galimoto yayenda bwino. Mlaliki analalikira za kuleza mtima, maso ali pa majombo.

Mapemphero atatha anawatengera kwa a Kenan, nkhalamba yowonda ya magalasi omanga ndi waya, amene ali mnyamata anagwirapo ntchito m'migodi ndipo Chizulu ankachitolatola. Nkhani ya makina inali pansonga ya lilime, koma ngolo inali itawaphunzitsa kanthu. A Bongani anapereka moni, anapepesa maliro, anapepesanso za hutala. A Kenan anagwedeza mutu, n'kufunsa funso limene palibe anapezapo mpata wowafunsa miyezi yonseyo: chiwongo chawo ndani?

"Magagula."

Nkhalamba inavula magalasi. Amene ali m'bokosimo ndi Magagula. Iwo eni ndi Magagula. Theka la mudziwo ndi a Magagula, zidzukulu za Angoni amene anachokera kummwera kalekale. Nkhani inayenda pasiwa kuposa mmene galimoto inayendera. A Bongani anachotsedwa pa mpando wa alendo n'kukhazikidwa pamphasa ya abale, azimayi anayambiranso kulira kuti mwana wabwera kudzaika bambo ake, ndipo kumanda anawapatsa dothi kuti aponye. Poponya dothilo, munthu uja analira. Analira zenizeni, mapewa akugwedezeka, kulirira nkhalamba imene sanaionepo, imene m'mawa womwewo anaiimbira hutala kuti ichoke panjira. Ena amati ankalirira galimoto. Ine ndimati miyezi isanu ndi itatu yodya uli chiimire imatulukira penapake.

Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, a Magagula makumi awiri anapita kudambo ndi zingwe n'kuizula galimoto ngati chinangwa. Lolemba m'mawa a Kenan anafika pakampani. Anayamba ndi moni, wantchito aliyense payekha, mpaka mlonda ndi ana ake onse. Kenaka tiyi. Kenaka anazungulira makina katatu, manja kumbuyo, ngati akugula ng'ombe. A Bongani anapisa dzanja la wotchi m'thumba n'kudikira. Cha m'ma leveni nkhalamba inagwada, inalowetsa mkono pansi, inasolola kachitsulo kopindika, inakawongola ndi nyundo katatu n'kukabwezera. Makina analira, utuchi unauluka, ndipo zinaoneka kuti matabwa apita Lachiwiri, ntchito yapulumuka.

A Bongani anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana wotchi mwachizolowezi, n'kunena m'Chichewa chawo chatsopano kuti pang'onong'ono akanachedwa. A Kenan anapukuta manja pakansanza, osafulumira.

"Mwana wanga, za kuchedwa usatiuze ife. Tonse tinanyamuka kumodzi. Ife tinabwera wapansi, ndi ng'ombe, ndi ana kumsana, tikuima panjira kupereka moni. Iwe wabwera pandege, ndipo watipeza titafika zaka zana ndi theka zapitazo."