Mantha Anga Ndiwo Anali Sipanala ya Alamu

Alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ankakonza galimoto yampikisano pogwiritsa ntchito mantha a munthu, ndipo munthuyo ndinali ine. Pagalaja ankawatchula kuti a Kuwani, chifukwa akandimanga malamba pampando ankati, "Mukaopa kuwani, alamu, manyazi musiye kunyumba."

Ine ndine telala, munthu woti ngakhale panjinga ndimatsika pamtsetse. Koma woyendetsa galimotoyo pampikisano anali mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, ndipo amalume akewo sanandibisire mawu. "Ikaterereka inu muli momwemo, ndikonza galimoto. Ikakaterereka Loweruka mwana ali yekha, tikonza maliro." Ndikanakana bwanji?

Ndiye tinkapita kubwalo, iwo pachiwongolero, ine nditagwira mtima m'manja. Pakona yoyamba galimoto inaponya matako kumbali, mpanda uwo ukubwera.

"Mayo ine ndafa!"

"Mwakuwa tili pakati pa kona," anatero osatekeseka. "Masipuling'i akumbuyo alimbitsa."

Anatsika, n'kukwawira pansi, kufewetsa, basi tibwerezenso. Tsiku lina ndinakuwa kona isanafike n'komwe, iwo akuti giya yachitatu yatalika. Lina ndinayamba kupemphera mokweza potuluka pakona, tayala lamkati likulira.

"Pemphero ndi difu limenelo," anatero. Difu ndi chija chimagawira mphamvu matayala akumbuyo, ndipo ine ndinachidziwira m'mapemphero.

Ulendo wina ndinakomoka. Ananditsitsimula ndi madzi a m'chigubu, nkhope ili gwaa.

"Alamu, mwandiwonongera ntchito. Munthu wokomoka andiuza chiyani?"

"Mukufuna kundipha inu!"

"Ndikufuna mdzukulu wanu adzabadwe. Kwerani."

Ndinakwera. Ndinkawatukwana chamumtima, koma ndinkakwera ndithu.

Ulendo wathu womaliza galimoto inagwira msewu ngati nkhupakupa. Kona ndi kona ndinkatsegula pakamwa, mawu osabwera, chifukwa choopa panalibe. Ataima anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, n'kusisita chiwongolero.

"Tsopano mwana akwere."

Alamuwo anamwalira chaka chomwecho, ndi chifuwa, ali pabedi, munthu amene tonse tinkati adzathera pampanda. Pagalaja pano pali zii. Makaniko watsopano ndi waluso ndithu, ndipo ndinamupempha kuti azinditenga poyesa galimoto. Anandiseka mwaulemu, akuti, "Bambo, pumulani, mwakula."

Kupumula kwake kuti? Kale ndinkaopa ndili m'kati, mantha anga n'kumagwira ntchito. Pano Loweruka lililonse ndimaima kuseri kwa mpanda, mwana wanga akulowa pakona ija, kumbuyo kwa galimoto kukugwedera pang'ono. Ndimakuwa mpaka mawu kutha, koma palibe amene amatola sipanala.